Funso Lachisanu la Adokotala

1

Ndine telala. Ndasoka madiresi a ukwati oposa zana, ndipo amayi ambiri amene analowa m'kachipinda kanga kudzayesa zovala anatuluka ndi malangizo a banja amene sanandipemphe. Lero ndikulemba za banja langa. Mukamaliza kuwerenga muona nokha ngati ndinali woyenera kulangiza munthu.

Amuna anga ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Mumsewu mwathu aliyense ankawatchula kuti a Buleki, chifukwa galimoto yawo ikamadutsa mawu amene ankamveka anali omwewo: "Buleki, mayi, buleki. Mpanda umenewo uli ndi eni ake." Anali munthu wamtali, wofatsa, woseka ndi mapewa. Ine ankanditchula kuti Singano. Ankati ndine wowonda, wakuthwa, ndipo ndikabaya munthu bala silioneka. Tinakhala limodzi zaka khumi, zisanu ndi ziwiri, ndipo tili ndi mwana mmodzi wamkazi amene nthawi imeneyo anali kusukulu yogonera komweko.

Loweruka lina m'mawa apongozi anga anabwera ndi alamu anga, alongo awo a amuna anga, kudzayesa zovala za ukwati wa wachibale. Ndinali nditagwada, mapini ali kukamwa, ndikupinda m'munsi mwa diresi ya apongozi. Amuna anga ankatsuka galimoto pabwalo atavala chipewa chaulusi, dzuwa likuswa mtengo.

"Chipewa ndi dzuwa lonseli?" apongozi anafunsa kudzera pawindo. "Kodi ndinabereka mwana kapena mlonda?"

"Dazi layamba, mayi," anayankha. "Ndikulibisa kuti Singano asandithawe."

Onse anaseka. Ine ndinapitiriza kubaya mapini.

Sipanathe mphindi khumi, ndinamva ndowa ikugubuduzika pa simenti. Nditatuluka ndinawapeza atakhala pansi, atatsamira tayala, dzanja lili pachifuwa. Thukuta linkachita kuyenderera ndipo milomo inali itatuwa.

"Pali munthu wandikhalira pachifuwa," anatero movutikira. "Mkono wakumanzerewu ukupweteka, ndi nsagwada zomwe."

Alamu anga ndi kalaliki wa kukhoti, munthu wosachedwa kuganiza. Anatola makiyi, tinawanyamula atatu mpaka pampando wakumbuyo. Panjira alamu anagwera m'dzenje ndi liwiro lonse, ndipo amuna anga, mutu uli pamiyendo panga, ananong'ona kuti, "Buleki, mlongo wanga. Ndinakuphunzitsa chonchi ine?"

2

Kuchipatala sanatiimike pamzere. Nesi atangoona nkhope yawo anawalowetsa m'chipinda cha odwala mwadzidzidzi, anawavula malaya ndi kuwamata timawaya pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo. Makina analavula pepala lalitali la mizere yokhotakhota. Nesi anafuna kuwavula chipewa koma iwo anachigwira.

"Ndikumva kuzizira," anatero, ndipo nesiyo anachisiya.

Adokotala anali mayi wamfupi wa magalasi, woyembekezera, mimba itakula ndithu. Anayang'ana pepala lija kamodzi kokha, kenaka anatembenukira kwa ife.

"Mtsempha umodzi umene umadyetsa mtima watsekeka ndi magazi oundana," anatero. "Mbali ya mtima imene magazi sakufikako ikufa pang'onopang'ono pamene tikulankhula pano. Chipatala chimene amalowetsa kapaipi n'kutsegula mtsempha chili kutali, maola anayi pamsewu, ndipo mtima uwu sungadikire maola anayi. Kuno tili ndi mankhwala obaya mumtsempha amene amasungunula magazi oundanawo. Akaperekedwa msanga amapulumutsa moyo."

"Nanga mukudikiranji?" anafunsa alamu.

"Mankhwalawa sasankha. Amasungunula paliponse pamene magazi anaundana, ngakhale pamene anaundana kuti atseke bala. Ndifunsa mafunso asanu, ndipo ndikufuna zoona zokhazokha."

Anafunsa ngati anadwalapo sitiroko. Amuna anga anapukusa mutu. Ngati anachitidwa opaleshoni posachedwa. Ayi. Ngati anali ndi zilonda zam'mimba, kusanza magazi kapena chimbudzi chakuda. Ayi. Ngati ankamwa mankhwala oletsa magazi kuundana. Ayi.

"Lomaliza. Miyezi itatu yapitayi, munagwapo, kumenyedwa kapena kuvulala m'mutu?"

Amuna anga anatembenuza maso, anadutsa amayi awo, anadutsa alongo awo, n'kudzaima pa ine.

"Ayi," anatero.

"Bambowa ali mu ululu, ndipo tawapatsa kale mankhwala oziziritsa," adokotala anatero. "Mayi, inu ndi amene mumakhala nawo. Anavulalapo m'mutu?"

Apongozi anali atandigwira mkono mwamphamvu, milomo yawo ikuyenda ndi pemphero. Alamu ankandiyang'ana pakamwa.

"Ayi."

"Ngakhale pang'ono? Kugunda chitseko, kuterereka m'bafa?"

"Ayi, adokotala."

Anandipatsa pepala ndipo ndinasaina. Dzanja limene limalowetsa ulusi m'singano osayang'ana linalemba dzina langa lokhota ngati la mwana wa sitandade wani.

3

Mankhwalawo anabwera m'kabotolo kakang'ono, kaufa woyera. Nesi anausungunula ndi madzi, anakoka m'jakisoni, ndipo adokotala anaulowetsa okha mumtsempha wa padzanja, diso lili pa wotchi ya pakhoma. Ndinadabwa kuti chinthu chochepa chonchija n'chimene tonse tinaikirapo moyo.

Tinakhala pabenchi panja pa chitseko. Apongozi anali adakavala diresi ya ukwati yosatha kusoka, mapini anga ali m'munsi, ndipo nthawi ndi nthawi ankadzidzimuka akabayidwa pamwendo. Palibe amene anaseka.

Ola lisanakwane nesi anatiitana. Amuna anga anali atadzutsa mutu pa pilo. Thukuta linali litauma ndipo milomo inali itabwerera mwakale.

"Munthu uja wadzuka pachifuwa," anatero. "Sanatsanzike n'komwe."

Adokotala anaika mapepala awiri pamodzi, loyamba ndi latsopano, n'kutionetsa pamene mzere unali utakwera ngati phiri, tsopano utatsika. "Mtsempha watseguka," anatero, ndipo anamwetulira koyamba. Apongozi anagwada pansi pomwepo, anagwira manja a adokotala n'kuwadalitsa iwo ndi mwana amene anali m'mimba. Alamu anatuluka kukaimbira abale.

Tinatsala awiri. Anandikodola ndi chala ndipo ndinawerama.

"Waona, Singano? Palibe chachitika," ananong'ona. "Usadzaitchulenso nkhani ija. Inatha."

"Mutu ukupweteka?"

"Pang'ono. Za masiku onse."

Ndinawakonza chipewa, ndinawapukuta kumaso ndi kansalu kanga. Mumtima ndinalonjeza zinthu zambiri. Ndinati ndikatuluka muno sindidzakwezanso mawu m'nyumba, sindidzagwiranso foni yawo, ndidzawasokera malaya abwino amene ndinakhala ndikuwalonjeza zaka zitatu. Ndinakhulupirira kuti ndakhululukidwa.

4

Cha m'ma thuu koloko masana anapempha kuti nditseke katani chifukwa kuwala kunkawalasa m'maso. Kenaka anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Singano, mutu uwu ukung'ambika."

Anasanza pa bulangete. Nditawagwira kuti ndiwadzutse, mkono wakumanja unangogwa ngati nsalu yonyowa. Pakamwa panapotokera mbali imodzi. Anayesa kunditchula koma chimene chinatuluka sichinali mawu.

Ndinathamangira pakhomo kuitana nesi. Adokotala anabwera akuthamanga, dzanja limodzi litagwira mimba. Anawaunika m'maso ndi katochi, anatseka diripi, anayamba kutchula mankhwala ena ndi kuitanitsa magazi. Anatitulutsa tonse.

Atatuluka patapita nthawi, magalasi anali m'manja.

"Zikuoneka kuti magazi akutuluka mu ubongo," anatero. "Ndi ngozi imene ndinakuuzani. Taimitsa mankhwala onse ndipo tikuwapatsa ena oti magazi aundanenso. Ambulansi iwatengera kuchipatala chachikulu kuti akawajambule m'mutu."

"Munati mankhwalawa apulumutsa moyo," alamu anatero.

"Apulumutsa mtima. Mwa anthu zana amene timawabaya, mmodzi zimamuchitikira zotere, ngakhale mafunso onse atayankhidwa bwino."

Ponena mawu omalizawo sanandiyang'ane mwapadera. Analibe chifukwa.

Ndinakwera ambulansi ndekha ndi nesi. Maola anayi aja amene tinawaopa m'mawa tinawayendabe, amuna anga ali chigonere, maso otseka. Kuchipatala chachikulu anawameta mutu wonse n'kuwalowetsa kochitira opaleshoni. Chipewa chija anandipatsa m'kapepala ka pulasitiki pamodzi ndi wotchi ndi mphete.

Anatsitsimuka patatha masiku asanu ndi limodzi. Mtima unkagunda bwinobwino. Mbali yakumanja inali itafa, ndipo mwa mawu onse amene munthu uja anali nawo, nthabwala zonse zija, anatsala ndi liwu limodzi. Ukawafunsa ngati akufuna madzi ankati, "Ayi," uku akutambasula dzanja lakumanzere kuti alandire kapu.

5

Patatha miyezi iwiri tinabwerera kunyumba. Ndinasuntha mashini osokera kupita nawo pabalaza, ndipo m'kachipinda kanga ndinaikamo bedi lawo chifukwa kali pafupi ndi bafa. Ndinaphunzira kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwadyetsa ndi supuni pang'onopang'ono kuti asatsamwe, kuwongola zala zimene zinkapindika zokha. Mabatani a malaya awo onse ndinachotsa n'kuikapo zomata, kuti azitha kuvala ndi dzanja limodzi.

Mwana wathu atabwera ku tchuthi anaima pakhomo la chipindacho nthawi yaitali. Kenaka anakhala pansi, anaika mutu pa bondo la bambo ake.

"Adadi, mwandizindikira?"

"Ayi," anatero, misozi ikutsika, dzanja lakumanzere likusisita tsitsi la mwanayo.

Apongozi anasamukira kwathu kudzandithandiza. Aliyense wobwera kudzazonda ankamva mawu omwewo. "Mwana wanga anakwatira mngelo. Akazi a masiku ano akanathawa kalekale. Uyu sindimutchulanso mpongozi, ndi mwana wanga wobereka ndekha." Ankandikakamiza kudya, ankandifunditsa ndikagona pampando. Mawu awo abwino aliwonse ankandiwotcha ngati simbi yoiwalika pansalu.

Alamu anatenga njira ina. Anayamba kusonkhanitsa mapepala a kuchipatala mu fayilo yabuluu, ndipo tsiku lina anaiika patebulo langa losokera, pamwamba pa nsalu ya kasitomala.

"Ndalemba dandaulo ku bungwe loona za madokotala," anatero. "Mayi uja anathamangira kubaya. Mwina sanayeze bwino, mwina anachulukitsa mankhwala. Munthu wotopa ndi mimba samayenera kugwira moyo wa anthu. Alamu, inu ndinu mkazi wake, sainani apa."

"Koma anayesetsa, alamu."

"Mtima wanu wabwinowo ndi umene anthu amadyerapo. Mchimwene wanga analowa m'chipatala muja akuseka."

Ndinasainanso.

6

Patapita milungu isanu ndinapita kuchipatala chija kukatenga mankhwala a amuna anga. Ndili pamzere, nesi uja anandigwira paphewa.

"Adokotala akufuna kukuonani. Sali pantchito, anawaimitsa kaye mpaka nkhani yanu itatha. Angobwera kudzatenga katundu wawo."

Ndinawapeza m'kaofesi kakang'ono akulongedza mabuku m'katoni. Mimba inali itatha. Pampando panali khanda logona m'kabasiketi. Anatseka chitseko, anatulutsa chithunzi chakuda cha mutu n'kuchigwira pawindo.

"Anzanga a kuchipatala chachikulu ananditumizira ichi," anatero. "Choyerachi ndi magazi atsopano, a tsiku lija. Koma taonani apa, kotuwaku. Awa ndi magazi akale, a mlungu umodzi kapena iwiri. Ndipo kamzere aka, kuseri kwa khutu, ndi fupa losweka. Amuna anu anabwera kuno atavulala kale m'mutu."

Ndinakhala pa katoni ya mabuku.

"Sindinakuitanireni kuti ndikuopsezeni," anapitiriza. "Chithunzichi ndikachionetsa ku bungwe, ndipo iwo adzafunsa chifukwa chimene sindinawavule chipewa n'kuwagwira m'mutu. Funso limenelo ndimadzifunsa ndekha tsiku lililonse ndikamayamwitsa mwanayu. Mwina anagwa kuntchito osakuuzani. Abambo amabisa. Ndimangofuna mumve kwa ine musanamve kwa alendo."

Mayi uja ankandipatsa khomo lothawira, ataliyala ndi mphasa. Ndikanangogwedeza mutu.

"Mukanadziwa, mukanatani?" ndinafunsa.

"Sindikanawabaya. Ndikanawakweza ambulansi nthawi yomweyo."

"Akanafika amoyo?"

"Sindikudziwa, mayi. Mwina akanafika, n'kubwerako akuyenda ndi kulankhula. Mwina mtima ukanaima panjira. Palibe amene angakuuzeni. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinasankha ndi zimene ndinauzidwa."

Khanda lija linadzuka n'kuyamba kulira. Analinyamula, ndipo ine ndinatuluka osatsanzika, mankhwala osatenga.

7

Tsopano ndikuuzeni zimene zinachitika masiku khumi ndi limodzi Loweruka lija lisanafike.

Kwa miyezi itatu amuna anga ankasowa Lachiwiri lililonse masana. Ankati ali ndi wophunzira wa kutali. Foni ikalira ankatuluka nayo panja. Tsiku lina akusamba ndinaitsegula, ndipo ndinapeza nambala yolembedwa kuti "Lachiwiri". Ndinaiimba. Anayankha mkazi wa mawu okoma: "Halo, bambo, mubwera mawa?" Ndinadula.

Mawa lakelo, Lachiwiri, anabwera madzulo dzuwa lisanalowe, akuimba mluzu. Analowa m'kachipinda kanga kudzandipatsa moni. Ndinawafunsa za mkaziyo.

"Si zimene ukuganiza, Singano."

"Ndiye ndi ndani?"

"Ndidzakuuza nthawi yake ikakwana."

Kenaka anaseka. Kuseka kwa mapewa kuja, kumene ndinawakondera ndili mtsikana. Tsiku limenelo kunandipsetsa mtima kuposa kutukwanidwa. Ndinawakankha pachifuwa ndi manja onse awiri. Kumbuyo kwawo kunali mpukutu wa nsalu. Anapunthwa, anagwa chagada, mutu unamenya pa ngodya ya chitsulo cha mashini.

Anakomoka. Ndinawathira madzi, ndinawagwedeza, ndinawaitana maina onse. Atatsegula maso sanadziwe kuti ndi tsiku lanji, ndipo anasanza. Kuseri kwa khutu kunatupa, ndi kabala kakang'ono. Ndinati tipite kuchipatala.

"Tikanene kuti chiyani?" anafunsa. "Kuti a Buleki anagwetsedwa ndi mkazi wolemera ngati thumba la thonje? Mayi akamva sudzakhalanso pamtendere. Ndipatse chipewa."

Mutu unawapweteka masiku onse khumi ndi limodzi. Ine ndinkawagulira mapilitsi kugolosale n'kumathokoza kuti palibe akudziwa.

Nditachoka kwa adokotala tsiku lija, sindinalowe m'nyumba. Ndinatsegula galimoto yawo, imene inali itaima pabwalo matayala ataphwa, n'kukhala pampando wawo kuti ndilire pamene apongozi sangandimve. Ndikufunafuna kansalu m'kabokosi ka kutsogolo, pansi pa mabuku a malamulo a pamsewu, ndinapeza kabuku ka kuchipatala. Munali masiku a Lachiwiri okhaokha, ndi manambala a kuthamanga kwa magazi, ndi mawu oti chifuwa chimawawa akakwera masitepe. Pachikuto panali nambala ya foni ya nesi wa kiliniki ya mtima. Inali nambala ija.

Amuna anga ankaopa kuti zikadziwika awaletsa kuphunzitsa galimoto, ndipo ankaopa kundidetsa nkhawa. Munthu amene ndinamukankha pachifuwa anali akuchokera koyezetsa chifuwa chomwecho.

8

Tsiku lokaonekera ku bungwe litatsala pang'ono, alamu anabwera ndi fayilo yawo kudzandikonzekeretsa. Tinakhala pabalaza. Amuna anga anali pa njinga yawo ya olumala pafupi ndi windo, apongozi akuwadula zikhadabo. Mwana wathu anali atabwera kumapeto kwa mlungu ndipo ankasita yunifolomu yake pakona.

"Akakufunsani ngati dokotala anafunsa za kuvulala m'mutu," alamu anatero, "munene kuti anafunsa mothamanga, simunamve bwino."

"Anafunsa katatu, alamu. Kamodzi kwa iwo, kawiri kwa ine. Ndinamva bwino."

"Chabwino, ndiye munayankha zoona. Nkhani ili pa mlingo wa mankhwala."

"Ndinanama."

Apongozi anasiya kudula. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa foni mpaka pa chipewa. Ndinaika kabuku ka kuchipatala patebulo. Mawu anga ankamveka ngati a munthu wina amene akuwerenga miyeso ya kasitomala. Nditamaliza, simbi inali ikupsereza kolala ya yunifolomu, mwana wanga ataiiwala m'dzanja.

Apongozi anagwada patsogolo pa mwana wawo n'kumugwira masaya.

"Mwananga, mkazi uyu anakugwetsa?"

"Ayi," anatero amuna anga. Nkhope inafiira, mitsempha ya m'khosi inatuluka, ankamenya dzanja lakumanzere pa njinga. "Ayi. Ayi."

Palibe amene akanadziwa ngati ankanditeteza kapena ankavomera ndi liwu lokhalo limene anali nalo. Mpaka lero sindidziwa.

Apongozi anaimirira pang'onopang'ono. Sanakuwe. Anandiyang'ana monga mmene munthu amayang'anira mlendo amene walowa m'nyumba yolakwika.

"Kumukankha ndikanakukhululukirani, mayi," anatero. "M'nyumba mumachitika zambiri. Koma ine ndinali nditakugwirani mkono. Munali ndi mpweya wonena liwu limodzi, ndipo munasankha ulemu wanu. Miyezi yonseyi ndakhala ndikukufunditsani."

Alamu anatseka fayilo. "Mwandichititsa kuzunza mayi wosalakwa, ali ndi khanda," anatero. "Mawa mupita nane mukanene nokha."

Mwana wanga anazula simbi kukhoma, anapinda yunifolomu yopsayo n'kulowa kuchipinda kwake. Sananditchule kuti amayi kwa chaka chathunthu.

9

Ku bungwe ndinanena zonse pamaso pa anthu asanu ndi makina ojambula mawu. Adokotala anabwezeredwa pantchito. Potuluka tinakumana pamasitepe. Ndinayamba kupepesa koma anandidula.

"Tsopano ndimavula chipewa aliyense," anatero. "Ndipo funso lachisanu ndimafunsa achibale atatuluka." Anandigwira paphewa n'kupitirira.

Alamu sanapite nane kupolisi, ngakhale njira yake amaidziwa bwino. Anati mchimwene wawo wavutika mokwana. Koma mlungu womwewo anabwera ndi galimoto n'kutenga amuna anga kupita nawo kwa apongozi. Sindinalimbane nawo. Ndinalongedza malaya a zomata, mankhwala, ndi pepala limene ndinalembapo nthawi yowatembenuza. Pamene ankawakweza, amuna anga anagwira chitseko cha nyumba ndi dzanja lakumanzere, ndipo alamu anachita kuchotsa zala chimodzichimodzi.

Papita zaka zitatu. Mtima wawo ukugunda bwino, madokotala amati ngati wa mnyamata. Mawu sanabwerere.

Inu amene mukuwerenga, sindikulemberani kuti muope jakisoni uja. Ndinauona ndi maso anga ukubweza munthu amene anali atayamba ulendo, ndipo wina wa kwanu akadzagwira pachifuwa thukuta likuyenderera, thamangani naye, musadikire kuti mwina ndi mpweya wam'mimba. Ndikulemberani za mphindi imodzi imene dokotala adzakuyang'anani n'kufunsa funso limene yankho lake likuchititsani manyazi. Adzakhala alipo apongozi, alamu, ana, mwina ndi abusa omwe. Mudzaganiza kuti kabodza kakang'ono sikangalowe mumtsempha wa munthu. Ine ndinaganiza choncho. Pemphani kuti mulankhule naye panja. Munong'onezeni. Manyazi amene ndinawathawa tsiku lija anandipezabe, ndipo anandipeza amuna anga atalipira kale.

Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba apongozi sanandilole kudutsa pageti. Kenaka alamu anandiimbira foni, mawu ouma, kunena kuti mchimwene wawo akukana kumetedwa ndevu ndi munthu aliyense, akutembenuza nkhope mpaka anachekedwa patsaya. Kuyambira pamenepo ndimapita Lamlungu lililonse masana ndi lezala ndi sopo m'chikwama. Ndimawameta pakhonde, iwo atatseka maso, chibwano chili m'dzanja langa. Apongozi sandilankhula, ndipo moni wanga sayankha. Ndikafika amalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Koma pakhonde ndimapeza beseni lili kale pampando, thaulo litapindidwa pambali, ndipo madzi ake amakhala ofunda.